Chilonda cha Nachete

Nkhondo ya Azungu itafika pachimake, msewu wodutsa pa Linthipe udasanduka wa anthu osenza ndi abulu osenza. Onse ankalowera kumpoto atalemedwa, ndipo amene ankabwerako ankabwera ali mafupa okhaokha. Munthu akagwa panjira, anzake ankamukokera pamthunzi n'kumusiyira chikho cha madzi. Bulu akagwa, ankangomumasula katundu n'kumusiyira afisi.

Pafupi ndi mtsinje pankakhala mayi wina wachizungu, wamasiye, amene mwamuna wake adali ndi sitolo kale. Ameneyu ndiye adamanga khola la abulu otayidwawo. Ankanena kuti kwawo kutsidya kwa nyanja kuli kagulu ka amayi osonkha kangachepe kuti nyama zozunzika zioneko chifundo, ndipo kaguluko ndiko kankatumiza mankhwala ndi zogulira gaga. Anthu a m'midzi atamva adaseka mpaka kugwira nthiti. Amuna awo akutha ngati ziwala kumtengatenga, ntchito yokakamizidwa yosenza katundu wa nkhondo, koma chifundo chawoloka nyanja yonse kudzafuna bulu. Adamutcha Make Abulu ndipo dzinalo lidamukhala, ngakhale pamaso pake ankati a Dona.

Wosamala kholalo adali Gerevazio, mkamwini wochokera kwa Kaphuka. Tisamunamizire kuti adali munthu wokonda nyama. Kumtengatenga adapitako ulendo umodzi, ndipo adabwerako ndi chilonda paphewa la kumanja pamene bokosi la zipolopolo linkamudya. Khasu lidayamba kumukanika, ndiye atamva kuti a Dona akufuna munthu wotunga madzi ndi kutsuka mabala, adapita chifukwa m'nyumba mudali njala. Ntchito yake inkayamba nkhungu isanachoke m'mapiri, zala zitauma ndi chisanu, ndipo inkatha iye akununkha mafinya ndi ndowe.

Kholalo lidali ndi malamulo awiri, ndipo onse awiri adali owawa. Abuluwo adali a asilikali, a Dona adangololedwa kuwachiritsa, choncho aliyense wochira ankabwerera kumsewu. Amene waoneka kuti sachira, kapena amene ali ndi matenda oti angapatsire anzake, ankamuombera mfuti kuseri kwa khola komwe kudali dzenje, ndipo zimenezi a Dona ankazitcha chifundo. Wobwera kudzasankha ochirawo adali kapitawo wina dzina lake Zefaniya, munthu wamtali wosaseka, wa ku midzi ya Angoni. Paulendo womwewo ankasankhanso amuna osenza katundu. Ankayamba wayang'ana misana ya abulu, kenako mapewa a anthu. Gerevazio ankati khola lawo lili ndi makomo awiri, lina la kumsewu lina la kudzenje, ndipo sadaonepo bulu wokalambira m'katimo.

Nachete adamupeza padooko m'mwezi wa chisanu. Adali bulu wamkazi wotuwa, wachikulire, atagona chammbali miyendo ili m'madzi. Panthiti, pamene pankadutsa lamba, padali chilonda chachikulu ngati chikhatho, mphutsi zili yakaliyakali. A Dona atamuona adapukusa mutu n'kutuma munthu kukatenga mfuti. Koma Gerevazio atayandikira ndi chikho cha madzi, buluyo adadzutsa makutu onse awiri n'kumuyang'ana, ndipo iye adapempha kuti amuyese kaye. Sadadziwe chimene chidamupemphetsa. Mwina kudali kutopa ndi kukumba.

Adamutcha Nachete chifukwa sankalira. Abulu anzake ankasokosa m'mawa uliwonse mpaka agalu a m'mudzi kuyankha, koma iye ngakhale pomuchotsa mphutsi ndi munga, ngakhale pomuthira madzi amchere, ankangonjenjemera khungu n'kutulutsa mpweya m'mphuno. Gerevazio ankamutsuka ndi mankhwala a Dona osandutsa madzi kufiirira, n'kupaka mafuta a nsatsi m'mbali mwa chilondacho kuti ntchentche zisatere. Madzulo ankamufunda chiguduli. Pang'ono ndi pang'ono adayamba kumuuza zinthu zimene sadauzepo munthu: za mapiri a kumpoto kumene mvula simakata, za nyemba zosapsa zimene zidatsegula m'mimba gulu lonse, za mnzake wa ku Dedza amene adamusiya pansi pa mtengo akupumabe. Buluyo adayendamo m'njira zomwezo, ndiye panalibe chomufotokozera kawiri.

Mkazi wake, Jesinta, ankamuseka. Akamubweretsera mbatata yootcha kukhola ankayamba wafunsa kuti mkazi mnzake wadzuka bwanji, ndipo ankati iye pa ukwati wake wonse sadafundidwepo chiguduli ndi manja aulemu chotero. Ankanena akuseka, koma makoko a mbatatayo ankawasunga n'kumupatsa buluyo yekha ndi dzanja lake.

Tsono chilonda cha Gerevazio mwini wakeyo chikadapola kalekale. Chimene chinkachisunga chidali mpanda wa nkhadze kuseri kwa nyumba yawo. Chikangoyamba kuuma m'mbali, Jesinta ankathyola kanthambi, n'kudikira utomoni woyera uja utuluke, n'kudontheza dontho limodzi pakatikati. Ululu wake unkafika m'mano. M'mawa mwake chilonda chinkakhala chofiira, chonyowa, choti kapitawo aliyense akachiona ankadutsa. Mlongo wake wa Jesinta, Rafaelo, adabwerako kumtengatenga ali bwinobwino, adamutenganso kachiwiri, ndipo mpaka lero palibe amene akudziwa pamene adagona. Chichokereni apo Jesinta adalumbira kuti mwamuna wake sapola nkhondo isanathe. Sadali yekha. M'mudzimo mudali amuna angapo a zilonda zosapola, ndipo akazi awo akakumana pachitsime nkhani ya nkhadze sankaitchula. Gerevazio nthawi zina ankadzifunsa ngati limeneli ndi tchimo loyenera kukalapa kwa Bambo Mfumu, koma ankangoti nawonso abambowo atopa ndi maliro, asawawonjezere katundu.

Manja a Gerevazio adali abwino pochiritsa, ndipo ndiwo adamupweteka. Chisanu chitatha, chilonda cha Nachete chidauma, nkhanambo idagwa, ubweya udayamba kumera pachipsera. Nthiti zidabisika. Tsiku lina buluyo adathamanga kuzungulira khola n'kuponya mwendo m'mwamba ngati mwana, a Dona n'kuomba m'manja. Gerevazio sadaseke. Walira mvula walira matope. Iye ankaona lamba uja akubwerera pachipsera chanthete chija, ndipo ankadziwa kuti bulu wa zaka zimenezo ulendo wachiwiri sangaubwerere.

Mawu adafika akuti Zefaniya abwera likangopita Lamulungu. Gerevazio adapita kwa a Dona, chipewa chili m'manja, kukapempha kuti buluyu yekha atsale, azitunga madzi a khola. Mayiyo adamumvetsera atakhala pabokosi, mapazi atatupa, tsitsi lili nyankhalala. Adamuyankha m'Chinyanja chake chothyokathyoka kuti adayesapo kale kubisa mmodzi, ndipo asilikali adamuuza kuti akadzachitanso khola lonse lidzatsekedwa, abulu onse azidzafera panjira monga kale. Adanena mosakalipa. Nayenso adali atatopa ndi kuchiritsira msewu.

Masiku amenewo Gerevazio adasiya kudya. Jesinta adamuyang'ana, adamuyang'ananso, ndipo tsiku lina akupala moto adalankhula nkhope ili pansi.

"Bambo a Kristina, mpanda uja suli wa inu nokha. Mkazi mnzangayo akhoza kudwalanso pang'ono."

Gerevazio adakana. Adati iye malaya amavula yekha, amadziwa chimene chikubwera ndi chifukwa chake, koma buluyo sadapemphe, ndipo manja amene adamuchotsa mphutsi sangamuotchenso. Jesinta adafunsa ngati kuli bwino kuti akafe panjira ndi khungu losalala. Mwamunayo adangotuluka. Kunena zoona, mumtima mwake adali ndi mantha kuti mkaziyo akunena zoona.

Lamulungu Jesinta adati mutu ukumupweteka, ndipo Gerevazio adapita yekha kumapemphero. Pobwera masana, ali pamtunda poonekera khola, adamva kulira kwa bulu kumene sadakumvepo. Mawu a abulu ake onse ankawadziwa monga mayi adziwira kulira kwa ana ake. Awa adali osasa, otalika, osadziwa polekera. Adataya chipewa n'kuthamanga.

Adapeza Nachete akuzungulirazungulira pakona pa khola, akugunda mitengo. Jesinta adali atamugwira khosi ndi dzanja limodzi, lina lili ndi chipanda cha mkaka wa mbuzi, akuyesa kumuthira m'maso, misozi ili mbwembwembwe. Sadadikire kufunsidwa. Adati adaganiza kuti ngati munthu amafuna dontho limodzi, bulu ndi thupi lake lonselo, ndi khungu lolimba lija, dontho silingamumve, ndiye adadzaza chigoba cha nkhono. Adakanda chipseracho ndi munga n'kuthirapo wonse. Chimene sadachiganize n'chakuti munthu ukamuthira nkhadze amaluma mano n'kusunga manja ake kutali ndi maso, pakuti ngakhale mwana amadziwa zimenezo. Bulu sadziwa. Atamva moto panthiti adapotoza khosi n'kuyamba kudziluma, kudzinyambita, kukhuta nkhope pomwepo.

Gerevazio sadamukalipire. Akadayambira pati? Adalandira chipandacho, ndipo awiriwo adatsuka maso a buluyo mpaka mkaka udatha, Jesinta n'kupita kukapempha wina kwa anansi. Dzuwa likulowa Nachete adasiya kulira. Milomo idali itatupa, dovu likuchucha, mamina akutsika, maso atatsekeka ndi mafinya, ndipo chilonda chija chidatseguka kuposa poyamba. Komabe Gerevazio adali ndi chiyembekezo. Nkhadze imaotcha koma moto wake umazilala. Adaonapo mbuzi itachita chimodzimodzi kwa Kaphuka, ndipo patapita masabata idayambanso kuona, ngakhale ndi diso limodzi. Bulu wa diso limodzi ndi chilonda chotere asilikali sangamufune. Mwina Jesinta, m'kulakwitsa kwake konse, adali atapeza khomo lachitatu.

M'mawa mwake Zefaniya adafika ndi anthu ake ndi zingwe. A Dona adatsika naye kukhola akumuwuza za bulu wotuwa amene wachira modabwitsa, ndipo atafika pakona paja mawu adawathera. Adayang'ana mamina, adayang'ana milomo, adayang'ana chilondacho, nkhope yawo n'kuyera ngati phulusa. Adabwerera m'mbuyo n'kulamula kuti abulu ena onse awatulutsire kutsidya. Adati awa ndi matenda aja amene adamaliza khola lathunthu kumwera, oyamba ndi mphuno n'kuphulika pakhungu, ndipo akachedwa tsiku limodzi afa onse, mwinanso ndi anthu omwe. Adafunsa Gerevazio kuti zidayamba liti. Iye adati dzulo. Adafunsa ngati buluyo adadya chinthu chachilendo, ngati pali chilichonse chimene akudziwa. Ankafunsa mochonderera, chifukwa nawonso buluyu adali atawalowa mumtima.

Mawu amodzi okha akadakwana. Akadangoti ndi nkhadze, mtima wa a Dona ukadakhala pansi, mfuti ikadatsala m'nyumba. Koma nkhadze siyenda yokha kukafika panthiti pa bulu, pachipsera penipeni, kutatsala tsiku limodzi kuti kapitawo abwere. A Dona akadafunsa kuti wathira ndani, ndipo waphunzira kuti zimenezi. Ndipo Zefaniya adali ataima pomwepo.

Kapitawoyo adakulira m'mipanda ya nkhadze ngati wina aliyense. Adawerama, adayang'ana ubweya womatana ndi utomoni wouma m'mbali mwa chilondacho, n'kuukhudza ndi kamtengo. Kenako adaweramuka n'kuyang'ana phewa la Gerevazio, pamene malaya adali ndi banga lachikasu. A Dona atapita kukakuwira anthu otulutsa abulu, iye adayandikira n'kulankhula motsitsa.

"Achimwene, ine maso anga ndi okalamba, saona zambiri. Koma makutu amamva. Chimene munganene pamaso pa mzunguyu ndachimva, ndipo chimene ndamva ndiyenera kukachinena. Akandifunsa kuti m'mudzi muno zilonda sizipola chifukwa chiyani, sindidzakhalanso ndi poti ndibisale. Ndivula malaya mwamuna aliyense."

Sadanene moopseza. Adanena ngati munthu amene akuuza mnzake kuti mtsinje wadzaza.

Gerevazio adayang'ana kumudzi. Jesinta adali ataima patali pafupi ndi nkhokwe, manja ali pamutu, mwana wawo Kristina atamugwira nsalu. Adaganiza za amuna ena aja, mmodzimmodzi, ndi akazi awo a pachitsime. Adaganiza za mtengo uja adasiyapo mnzake. Adachita mantha, ndipo adadziwa kuti ngakhale pakadapanda amuna enawo, phewa lake lokha likadamutseka pakamwa. Nachete adamva fungo lake n'kubwera mopapasa, nadzaika mphuno yotupayo pachifuwa pake.

A Dona adabwerera n'kufunsanso kachiwiri. Gerevazio adati sakudziwa kanthu.

Adamutsogolera yekha kudzenje, chifukwa buluyo sakadatsata munthu wina. Ankayenda pang'onopang'ono, akumuuza pamene pali mwala ndi pamene pali chitsa, ndipo Nachete ankaponda pomwe wauzidwa. A Dona adalephera kuombera okha, choncho mfuti adaitenga Zefaniya. Gerevazio adagwira khosi mpaka kapitawoyo atamuuza kuti apatuke. Buluyo adadzutsa makutu onse awiri kufunafuna kumene iye wapita. Sadalire.

Zotsalazo zidali ntchito, ndipo ntchito simva chisoni. A Dona adalamula kuti chiguduli chija chiotchedwe pamodzi ndi chingwe ndi mitengo ya pakona paja, ndiponso kuti dzenjelo likwiriridwe mozama. Gerevazio adakwirira ndi dzanja lamanzere. Mayiyo adabwera n'kumugwira pamkono, maso ali ofiira, n'kumuuza kuti asadziimbe mlandu, adachita zonse zimene munthu angachite, ndipo buluyo wapuma. Mawu amenewo adamupweteka kuposa kulira kwa mfuti. Abulu ena sadatengedwe tsiku limenelo, pakuti a Dona adati ayambe aonedwa ngati sadatengere matendawo, ndiye adapatsidwa masabata ena akudya mapesi padzuwa.

Koma amuna Zefaniya adawaona monga mwa nthawi zonse. Adawandandalika pabwalo, Zefaniya n'kumadutsa kumbuyo kwawo. Atafika pa Gerevazio adakweza malaya n'kuyang'ana nthawi yaitali. M'masiku a nkhawa aja palibe amene adakumbuka phewalo, ndipo chilonda chidali chitayamba kuuma m'mbali, khungu latsopano likulowa. Kapitawoyo adatsitsa malayawo bwinobwino. Adanena mokweza, kuti anthu ake amve, kuti uyu lero ayi, koma akuoneka kuti akuchira, ndipo ulendo ukubwerawo adzakhala atakwana. Adapitirira kwa wotsatira osatembenuka.

Madzulo dzuwa lili pamwamba pa phiri, Gerevazio adakhala pakhonde, dothi la kudzenje likadali m'zikhadabo. Mafupa onse ankamuwawa. Adamva kugunda kwa chikwanje kuseri kwa nyumba, ndipo atapita adapeza Jesinta akudula mpanda uja, nthambi zili mbwee pansi, utomoni ukudontha paliponse. Chiyambire m'mawa adali asanalankhulane. Mkaziyo ankatema mosaona pomwe akutema, ndipo adati safunanso kuuona mtengo umenewu, awuzula ndi mizu yomwe, zibwere zimene zibwere.

Gerevazio adamulanda chikwanjecho n'kuchiika pansi. Adatola kanthambi kamodzi, kakang'ono, n'kumupatsa m'manja. Kenako adakhala pamwala, adavula malaya ndi dzanja lamanzere monga ankachitira nthawi zonse, n'kumulozetsa phewa.

"Thirani, mayi a Kristina," adatero. "Mukufuna kuti afere chabe?"

Jesinta adayang'ana kanthambiko pakati pa zala zake. Kenako adapukuta maso ndi mkono, posamala kuti chikhatho chisafike kunkhope, ndipo adawerama. Gerevazio adaluma mano, manja ake onse awiri atawapana pakati pa mawondo.